Tamubweretsa mnzathu kwawo

Moni abale anga a ku Joni, a ku Durban, a ku Cape Town, ndi inu a kumudzi kuno. Lero simukumva mahutala a matakisi chifukwa ndili pa boma la Mangochi, pakhonde pa achemwali anga, mlatho wa Shire uli chapomwepa. Mawu asasa, mundikhululukire. Dzulo taika mnzathu m'manda.

Dzina sinditchula, a ku Mayfair ku Joni mukumudziwa. Tagona chipinda chimodzi zaka 6. Chifuwa chinamuyamba nthawi yozizira ija, iye n'kumangoti ndi chimfine, mpaka tsiku lomwe tinachita kumunyamula.

Za mapepala a maliro sindinena, mukuzidziwa. Njiranso ndi yomweyo, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Zobue. Koma kuyenda bokosi lili m'ngolo kumbuyo kwako ndi ulendo wina. Galimoto ikagunda bampu mtima umachita kuti phwii, ngati womva kuwawa alipo. Pa mlatho wa Zambezi dzuwa likuswa mtengo, ndinapezeka ndikumuuza kuti achimwene limbani, tatsala pang'ono.

Ndipo bwana wake uja! Munthu wakutsegulira shopu mbandakucha zaka zonsezi, Lamlungu lomwe, ndiye tikupita kukapempha malipiro ake a miyezi iwiri, iwe n'kutifunsa kuti kontirakiti ili kuti. Pomulemba ntchito unaifunsa kontirakitiyo? Ngakhale chipepeso, olo botolo la madzi. Nkhani imeneyo sinathe, ndibwereranso.

Paja ine ndimalondera usiku, ndiye tulo ndimathamangitsa pomvera maphunziro pa foni. Ndi mmene ndinadziwira za Epicurus, Mgiriki amene ankaphunzitsa m'munda mwake ku Athens zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe. Iye ankati imfa si yoopsa, chifukwa pamene ife tilipo imfa palibe, ndipo ikafika ife kulibe. Ankatinso moyo wabwino sulira zambiri, chakudya wamba, mtima wodekha ndi abwenzi basi. Mu 2019, mashopu a alendo akuotchedwa, tinadzitsekera m'chipinda masiku awiri, ndipo ndinamuuza mnzangayu mawu amenewa kuti ndimulimbitse mtima. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, kufa sindiopa. Ndimaopa kukwiriridwa ndi anthu osadziwa dzina la mayi anga."

Ndakhala ndikuwasinkhasinkha mawu amenewa njira yonse. Epicurus sananame, amene anali m'bokosi uja sankamva kutentha kwa ku Tete. Koma Epicurus anamwalira ophunzira ake ali pafupi. Kwathu kuno imfa si ya womwalira yekha. Ndi ya mayi amene akufuna mtumbira woti azikausesa, ndi ya mwana amene adzafunse kuti bambo agona pati. Kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. N'chifukwa chake tinasonkha. Wa m'garden R100, wotsuka magalimoto R50, telala wa ku Fordsburg R500. Asilamu, amene mwambo wawo ndi kuika maliro msanga pomwepo, anaponya nawo osafunsa kuti malemu ankapemphera kuti. Atinyoze kuti makwerekwere, koma Mmalawi sataya mnzake. Apo pokha ndimayenda chifuwa patsogolo.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi nyumba. Njerwa zootcha, malata 32, zipinda zitatu, chitseko chachitsulo. Thumba lililonse la simenti ndikulidziwa, chifukwa ndinkamuona akudya buledi ndi madzi a shuga kuti atumize. Zithunzi za pa WhatsApp ankazikulitsa ndi zala kuti aone ngati amisiri awongola mawindo. Usiku wake woyamba m'nyumba imeneyo ndi wa dzana, pa balaza, amayi atamuzungulira akuimba. Mwana wake wamkazi wa zaka 5 anamusiya ali m'mimba, ndipo ankangoima pakhomo kutiyang'ana alendofe.

Seneca, munthu wanzeru wakale wa ku Roma, ankati moyo si waufupi, koma timautaya tokha pomangoti tidzayamba kukhala bwino mtsogolo. Abale anga, ndi ife amenewo. Ndikamaliza nyumba ndipita. Ndikagula njinga yamoto ya kabaza ndipita. Rand ikakwera ndipita. Sindikunena kuti tisiye ntchito, njala ya kuno ndikuidziwa, chambo chomwe tinakulira chija lero ndi ndiwo za alendo a m'mahotela. Koma bwerani ngakhale kamodzi pa zaka ziwiri. Musachite manyazi kuti mulibe katundu wodzaza ngolo. Manyazi amenewo ndi amene apanga matchona ambiri kuposa mowa ndi akazi. Mayi anu safuna fuliji, afuna akuoneni mukudya nsima yawo. Ukadwala pita kuchipatala, usamawerenge tsiku limene bwana akudule. Ndipo lowani m'magulu a maliro, musadikire kuti anzanu adzayende ndi mbale.

M'mawa uno ndinatsikira kumtsinje. Asodzi amakokera mabwato kumtunda, amayi akutsuka mapoto ndi mchenga, fungo la usipa pa thandala. Ndinakhala pamwala osafuna kunyamuka. Amayi ake a malemu anandigwira dzanja dzulo n'kundifunsa kuti, "Mwananga, ankadya bwino kumeneko?" Ndinangoti eya.

Basi ndikwera Lachisanu ku Blantyre. Lolemba 9 koloko tikumane pa kona paja, amene mungathe. Tikupita kwa bwana uja, ndipo ndalamazo zikalowa kusukulu ya mwanayu.