Khadi langa loyamba ku Minnesota

Moni nonse amene mukumvetsera, kaya muli kumudzi, ku Joni kapena kuno ku America. Lero ndikufuna kukamba za malo amene anandisunga m'chaka changa choyamba kuno ku Minnesota, pamene ndinalibe galimoto, kompyuta ngakhale mnzanga woti ndicheze naye. Malowo ndi laibulale ya Hennepin County.

Kwa amene simunafike kuno, county ndi dera lofananako ndi boma la kwathu, monga tinenera kuti boma la Dedza, koma lili ndi akuluakulu ake osankhidwa ndipo limatolera msonkho wa nyumba ndi malo. Mzinda wa Minneapolis uli m'kati mwa Hennepin County, ndipo mbali ya msonkho umenewo ndi imene imayendetsa malaibulale 41 a m'derali.

Tsiku loyamba ndinalowa mu Franklin Library pothawa kuzizira, nsapato zili zonyowa ndi chipale chofewa. Mayi wa pa desiki anandifunsa ngati ndinali ndi khadi, ndipo ine poganiza kuti pafunika ndalama ndinakana msangamsanga. Anandiuza kuti khadilo ndi laulere, anangoona chiphaso changa ndi kalata yosonyeza kumene ndimakhala. Sanandifunse kuti ndinabwera bwanji m'dziko muno kapena kuti ndimagwira ntchito yanji. Amene munakhalapo mlendo mukudziwa kupepuka kwa mtima kumene munthu amamva akalandiridwa popanda mafunso ambirimbiri.

Pambuyo pake ndinafuna kudziwa kuti zimenezi zinayamba bwanji. Laibulale ya mzinda wa Minneapolis inakhazikitsidwa mu 1885, koma dzina limene linandigwira mtima ndi la mayi Gratia Countryman, amene anaitsogolera kuyambira 1904 mpaka 1936. Mayiyu sankafuna kuti mabuku azidikira anthu pa shelefu, motero ankawatumiza kumafakitale, kuzipatala ndi kumalo a ozimitsa moto, komanso ankasonkhanitsa mabuku a zinenero za anthu obwera kuchokera kunja. Ataona kuti alimi ndi ana a m'midzi yozungulira mzinda akumanidwa mwayi umenewu, analimbikira kuti county ikhale ndi laibulale yakeyake, ndipo mu 1922 galimoto yonyamula mabuku inayamba kuzungulira m'midzimo. Nyumba ya Franklin imene ndinabisalamo ija inatsegulidwa mu 1914, m'nthawi yake yomweyo, ndi ndalama za Andrew Carnegie, munthu wolemera kwambiri amene ankathandiza kumanga malaibulale. Malaibulale a mzinda ndi a county anayenda payekhapayekha kwa zaka zambiri mpaka anaphatikizana mu 2008.

Kuphatikizanako ine ndimakuona ndi maso sabata iliyonse. Ndikafuna buku limene lili ku nthambi ya Ridgedale kapena ku Central Library, nyumba yaikulu ya magalasi ija imene inatsegulidwa mu 2006 pakati pa mzinda, ndimaliitanitsa pa foni, ndipo pakapita masiku ochepa ndimalipeza pa shelefu ya pafupi ndi khomo, litaikidwa kapepala kosonyeza kuti likudikira ine. Ndikamaliza kuwerenga ndikhoza kulibweza ku nthambi ina iliyonse imene ndadutsako. Kuyambira 2021 anasiya kulipiritsa munthu akachedwa kubweza buku, ndipo ndikuona kuti anachita bwino kwambiri, chifukwa amene ankathawa laibulale poopa ngongole anali osauka, omwenso amaifuna kuposa wina aliyense.

Koma ndisaname kuti ndinkapita kukawerenga kokha. Kalata yanga yoyamba yofunsira ntchito ndinailemba pa kompyuta ya pamenepo, ndipo wogwira ntchito wina anakhala nane pafupifupi ola lathunthu akundionetsa mmene mabwana a kuno amafunira kuti pepala la mbiri ya ntchito lioneke: lalifupi, lopanda chithunzi, lopanda zaka zakubadwa. M'nyumba yomweyo munali malo amene akuluakulu ankaphunzira Chingerezi, kukonzekera mayeso a GED (olowa m'malo mwa satifiketi ya kusekondale) ndi mayeso a unzika. Ndinkaona amayi a ku Somalia, ena amsinkhu wa mayi anga, atagwira pensulo mosamala akuphunzira kulemba mayina awo, ndipo madzulo ana awo ankabwera kudzathandizidwa homuweki ndi anthu odzipereka.

Pa mashelefu pali mabuku a Chisomali, Chisipanishi ndi chinenero cha anthu a mtundu wa Hmong, chifukwa anthuwa alipo ambiri ndipo amawafuna. Ine ndinayenda pamenepo kangapo ndikusakasaka Chichewa, ndipo pa mashelefu a nthambi yathu sindinachipeze. Sindikudandaula ndi wina aliyense, popeza laibulale imagula zimene anthu ake apempha, ndipo pali fomu yopemphera buku limene mukufuna kuti agule. Mwezi watha ndinalembapo mabuku awiri a ana a m'Chichewa, pofuna kuti mwana wanga wamkazi, amene anabadwira kuno, akaone chinenero cha agogo ake pa shelefu imodzi ndi zinenero za anzake. Yankho likabwera ndidzakuuzani.