Musanagule galimoto yampikisano, yambani mwaiona kunsi

Takulandirani, owonera. Wogulitsa galimoto yampikisano amathamangira kukutsegulirani boneti, pakuti injini ndiyo imakopa maso, koma ife lero tiyamba ndi kuikweza pa jeke, chifukwa injini yotopa imakonzedwa n'kubwerera mwakale, pamene chasesi yopindika imakudyerani ndalama mpaka kutopa nayo.

Tengani tepi muyeze mopingasa, kuchokera pomwe pamangidwa mkono (chitsulo cholumikiza tayala ku chasesi) wa tayala lakutsogolo kumanzere kukafika pa mkono wa tayala lakumbuyo kumanja, kenako muyezenso mbali inayo. Miyezo iwiriyi iyenera kufanana, ndipo ikasiyana moonekeratu, n'kutheka kuti galimotoyo inagundapo ndipo anangoiwongola mwachisawawa. Unikaninso ndi tochi pomwe pamangidwa mashoko, pakuti ming'alu imayambira pamenepo, yopyapyala ngati tsitsi. Penti watsopano pamalo amodzi okha ndi wofunika kumukayikira.

Tsopano tilowe mkati, tione mapaipi oteteza woyendetsa, omwe amatchedwa roll cage. Malamulo a mu 2020 a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya galimoto padziko lonse, pa Appendix J, Article 253, ankanena kuti paipi yaikulu yodutsa kumbuyo kwa mutu wa woyendetsa ikhale yachitsulo chopanda msoko, yosachepera mamilimita 45 kukula kwake ndi 2.5 kukhuthala kwake, kapena 50 ndi 2.0, ndiponso kuti phazi lililonse la mapaipiwa likhale pa chitsulo cholimbitsira chokhuthala mamilimita 3 kapena kuposa. Onani kagalasi kakang'ono aka: tikakalowetsa pakati pa paipi ndi denga, timaona ngati anawotcherera kuzungulira paipi yonse. Pamenepa ndi popanikiza, dzanja silifika bwino, choncho owotcherera aulesi amapasiya, podziwa kuti ogula ambiri sayang'anako. Ine ndikapeza mpata pamenepo, zokambirana za mtengo zimathera pompo.

Pa mashoko, dzina ngati Öhlins kapena Bilstein lisakusokonezeni, chifukwa shoko yabwino nayonso imafuna kumasulidwa ndi kusinthidwa mafuta. Funsani kuti inakonzedwa liti, muone malisiti ake, ndipo muyang'ane ngati ikudontha mafuta kapena ngati ndodo yake yakalika. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi muligwedeze. Kugogoda kulikonse kukutanthauza kuti mabushi, ma rose joint (mfundo zachitsulo zozungulira za kumapeto kwa mikono) kapena maberingi atha.

Vuto lomwe ambiri saliona ndi la galimoto yotsitsidwa mopyola muyezo. Imakongola ndithu, koma mikono yapansi ikapendekera m'mwamba kulowera ku tayala, matayala amatha kuyamba kudzikhotera okha pamabampu woyendetsa asanapotoze chiwongolero. Wotsitsa wodziwa ntchito amakonzanso malo omangira mikonoyo ndi ndodo za chiwongolero, ndipo ayenera kukusonyezani zomwe anasintha.

Pomaliza, ikani galimotoyo pa masikelo anayi, tayala lililonse pa sikelo yake, woyendetsa ali pampando wake. Kulemera kwa tayala lakutsogolo kumanzere kuphatikiza lakumbuyo kumanja kukhale pafupifupi 50 peresenti ya kulemera konse, ngati galimotoyo ndi yothamanga mumsewu wokhotera mbali zonse ziwiri. Manambala akatuluka bwino, musafulumire kukondwa: yezani poyimira masipuling'i kumanzere ndi kumanja, chifukwa ngati mbali imodzi anachita kuikweza kwambiri kuti manambalawo agwirizane, mutengenso tepi ija muyezenso chasesi modekha musanapereke ndalama iliyonse.