Mabowo a PTH ndi NPTH: Lekani Kuwerengera Fakitale Mkuwa!

Taonani bolodi ya zamagetsi (PCB) iyi. [Akuyandikitsa bolodi ku kamera] Konekitala iyi yapendama ngati mtengo wa papaya wowombedwa ndi mphepo, ndipo wolakwa ndi ine. Khalani mpaka kumapeto muone 0.2 mm yomwe inandiwonongera mabolodi asanu.

Muli bwanji nonse? Obwera koyamba, dinani subscribe ndi kabelu kaja, tiziyendera limodzi.

Mwachangu. Mabowo a pa bolodi alipo mitundu iwiri. PTH ndi bowo lomwe khoma lake lamatidwa mkuwa, kuti magetsi achoke pamwamba kupita pansi. Mabowo a miyendo ya zipangizo ndi ma via, timabowo tating'ono tolumikiza mizere ya mkuwa yapamwamba ndi yapansi, zimalowa m'gulu limeneli. NPTH ndi bowo chabe, mulibe mkuwa, loti mudutse sikuluwu kapena timsomali tapulasitiki tija tapansi pa jaki ya RJ45, yolowetsamo waya wa netiweki. Basi.

Choyamba, mafayilo akhale awiri. Mu KiCad, pulogalamu yojambulira mabolodi, mukamatulutsa mafayilo oboolera a Excellon, mumapeza imodzi yothera ndi PTH.drl, ina NPTH.drl. Pali kabokosi kophatikiza awiriwa kukhala amodzi. Musakakhudze, pokhapokha fakitale yanu itapempha yokha.

Chachiwiri, ndipo apa ndiye ndikhalitsapo chifukwa zimandinyansa. Pali bodza lomwe limayenda m'magulu a WhatsApp, loti popeza mkuwa umachepetsa bowo, iweyo uzilikulitsa pojambula. Akuti ukafuna 1.0 mm ulembe 1.1 mm. Ayi, anzanga. Ayi ndithu!

Nambala imene mwalemba ndi kukula kwa bowo likatha kumatidwa. Zowonjezerazo fakitale imapanga yokha, ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Amaboola kaye, kutsuka bowolo, kuliviika m'mankhwala oyala kamkuwa kopyapyala kwambiri, kenako n'kukhuthalitsa mkuwawo ndi magetsi. Muyezo wa kapangidwe ka mabolodi wotchedwa IPC-6012 umafuna mkuwa wokhuthala pafupifupi ma micron 20 pa mabolodi a Class 2, ndi 25 pa a Class 3, ofunika kudalirika kwambiri (ma micron 1,000 ndiye 1 mm). Tsitsi lanu ndi lokhuthala kuposa pamenepo. Tiwerengere limodzi: 25 mbali iyi, 25 mbali inayo, ndiye kuti 0.05 mm yapita. Onjezanipo mtovu kapena golide wa pamwamba. N'chifukwa chake iwo amatenga choboolera chachikulupo ndi 0.1 mm kapena pamenepo, kuti pomaliza pabwere 1.0 mm yanu ija.

Ndiye inu mukawonjezanso? Mwathira mchere m'ndiwo zothira kale. Ine ndinachita zomwezo. Mwendo wa pin header, konekitala ya timiyendo tondandalika, ndi wa ngodya zinayi, 0.64 mm mbali iliyonse, kopingasa n'kukwana pafupifupi 0.9 mm, choncho bowo la 1.0 mm limaukwana bwinobwino. Ine, pofuna kuoneka katswiri, ndinalemba 1.1, kenako mantha atandigwira n'kukankhira pa 1.2. Mabolodi anayenda masabata angapo kuchokera ku China. Nditalowetsa konekitala inkangogwedera ngati dzino la mwana. Powotcherera, mtovu unkathawira kunsi, konekitala n'kuuma itapendama, chivindikiro cha bokosi n'kukana kutseka. Komanso mkombero wa mkuwa wozungulira bowo unatsala wochepa, chifukwa bowo likakula limadya pad, kabwalo ka mkuwa kotchererapo mwendo.

Ndikudziwa wina akulemba kale m'makomenti kuti, "Nanga press-fit?" Eya, mwanena zoona achimwene. Makonekitala ongokhomera osawotcherera amatchula zonse ziwiri mu datasheet, chikalata chofotokoza chipangizocho: kukula kwa choboolera ndi kwa bowo lomalizidwa. Pamenepo mumakopera manambala awo ndi kuwalembera a fakitale poyera. Koma kuganizira nokha za mkuwa, iyayi.

Tisanapitirire: vidiyo ya momwe mungajambulire footprint yanu, chojambula cha mabowo ndi ma pad a chipangizo, mu KiCad ili pa linki m'munsimu. Yaulere. Ipenyeni mukamaliza ino, osati pano.

Chachitatu, bowo la NPTH musalizungulize mkuwa. Mafakitale ambiri amaliphimba ndi kafilimu pa nthawi yokhuthalitsa mkuwa, ndipo kafilimuko kamafuna malo ogwira m'mbali. Mukaika pad mbali zonse ziwiri, fayilo ikunena zina, mkuwa ukunenanso zina. Mwina akuimitsirani oda n'kukufunsani, mwina angolimata. Ngati mukufunadi pad pa bowo lopanda mkuwa mkati, amaliboola kachiwiri atatha kumata, ndipo muyenera kuwauza.

Chachinayi, sikuluwu ya M3, bowo 3.2 mm. Mukufuna ilumikize GND, ndiye kuti ground ya bolodi, ku bokosi lachitsulo? PTH. Simukufuna? NPTH, ndipo mizere ya mkuwa italikire mutu wa sikuluwu.

Chachisanu... chinali chiyani kodi? Eya, USB-C. [Akuonetsa kunsi kwa konekitala] Kanthu kamodzi aka kali ndi mitundu yonse iwiri. Miyendo yachitsulo iyi imafuna mabowo aataliko omatidwa mkuwa, pomwe timsomali tiwiri takudati timafuna NPTH, chifukwa bowo lopanda mkuwa limatuluka pa muyezo wothina, nthawi zambiri ±0.05 mm, pamene la PTH limasewera cha pa ±0.08 mm. Musanatumize, tsegulani mafayilo awiri aja mu Gerber viewer, pulogalamu yoonera mafayilo opita ku fakitale, muzimitse imodzi, muwerenge mabowo otsala ndi chala.

Mwasokonezapo bolodi chifukwa cha bowo? Ndiuzeni m'makomenti, ndisakhale ndekha. Sabata yamawa tikamba za ma via. Tionana!