Makalata a Omvera: Miyala ya M'munda Mwanga Apita Nayo Kuti?

Takulandirani nonse amene mwatchera khutu madzulo ano. Masabata atatu apitawa takhala tikucheza za kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, dera lotchedwa Arctic, kumene nyanja imaundana mpaka munthu n'kuyendapo, ndipo lero ndi tsiku lanu loyankhula. Makalata abwera ambiri, ena papepala, ena pa WhatsApp. Onse sindiwatha, mundikhululukire, chifukwa pali imodzi imene yandisowetsa tulo ndipo ndikufuna tikhale nayo pansi bwinobwino. Tiyambe ndi zopepuka.

Mnyamata wa Fomu 3 ku Dedza akufunsa kuti: "Kodi n'zoona kuti kuli malo kumene dzuwa silituluka kwa miyezi? Nanga amadziwa bwanji kuti kwacha?" N'zoona mphwanga. Ku Longyearbyen, tauni ya pa zilumba za Svalbard zimene zili m'manja mwa Norway, dzuwa silituluka kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Febuluwale. Likabwerera limalipsira, chifukwa kuyambira mu Epulo mpaka mu Ogasiti sililowanso. Zimatero popeza dziko lathuli limazungulira dzuwa lili chipendekere. Anthu amangodalira wotchi. Tambala wa kwanu ku Dedza atapita kumeneko angalire mpaka kusasa mawu. Koma iwe usakauze aphunzitsi kuti wachedwa chifukwa kunali kusanache, kwanu dzuwa limatuluka tsiku lililonse.

Bambo wina wa ku Rumphi, amene akuti anagwirapo ntchito mu mgodi wa malasha, akuti: "Malasha amachokera ku mitengo yakalekale. Nanga ku Svalbard, kopanda ndi mtengo umodzi womwe, malashawo anachokera kuti?" Limeneli ndi funso la munthu wodziwa ntchito yake. Zaka pafupifupi 60 miliyoni zapitazo kunkafunda ndipo kunali nkhalango ndi madambo. Mpaka lero akatswiri a miyala akaswa thanthwe kumeneko amapezamo zidindo za masamba a mitengo. Tauni ya Longyearbyen inayamba ngati msasa wa mgodi mu 1906, ndipo dzinalo ndi la John Longyear wa ku America amene anayambitsa ntchitoyo.

Tsopano kalata ija. Mwini wake wapempha kuti ndisatchule dzina lake kapena la mudzi, ndipo ndilemekeza zimenezo. Akuti:

"Ine ndine mayi wamasiye, ndimalima m'munsi mwa phiri limene makolo athu anagona. Chaka chatha kunabwera anthu ndi magalimoto ndi chimakina chobowola. Tinkayesa akutikumbira mjigo. Anabowola malo angapo, pena m'mphepete mwa munda wanga, n'kumatulutsa miyala yobulungira ngati zidutswa za munsi, n'kumaiyala m'mabokosi. Atatha anapakira n'kumapita. Madzi sitinawaone. Amfumu akuti nawonso anangouzidwa kuti ndi kafukufuku. Lero mphekesera ili ponseponse kuti tidzasamuka. Nditamva pa wailesi za anthu a ku Greenland amene anakana mgodi ndinagwetsa misozi. Kodi iwo anatha bwanji? Kodi munthu wosauka angakane?"

Mayi anga, pepani. Mawu akuti "tinkayesa akutikumbira mjigo" ndawawerenga kangapo, ndipo nthawi iliyonse akundilasa mtima. Anthu anakhala pakhomo panu masiku onsewo, ana anu akuwatungira madzi mwina, koma sipanapezeke ndi mmodzi yemwe woti akhale pamphasa n'kukufotokozerani chimene akufuna.

Ndiyambe ndakukhazikani mtima pansi pa chinthu chimodzi. Zimene munaonazo si mgodi. Akatswiri akakayikira kuti pansi pali miyala yaphindu amabowola ndi chitsulo chokhala ndi timano ta dayamondi, n'kutulutsa mwala wautali wobulungira kuti aone mmene matanthwe asanjikizirana. Amauika m'mabokosi motsata kuya kwake, amaucheka pakati, theka n'kutumiza kokapima. Malo ambiri amene amabowoledwa chonchi sasanduka mgodi, mwina chifukwa miyalayo ndi yochepa, mwina chifukwa kuikumba kungadye ndalama zambiri kuposa phindu lake. Chilolezo chofufuza n'china, chilolezo chokumba n'chinanso. Choncho musayambe kusasula denga chifukwa cha mphekesera. Koma musagonenso tulo.

Za ku Greenland zinayenda motere. Dzikolo ndi chilumba chachikulu kuposa zonse, koma anthu ake ndi pafupifupi 57,000 okha, ambiri a mtundu wa Inuit, ndipo gawo lalikulu la nthaka yake linakutidwa ndi madzi oundana. Kumwera kwake kuli katauni ka Narsaq, ka asodzi ndi oweta nkhosa. Pamwamba pa katauniko pali phiri limene eni ake amalitcha Kuannersuit, a ku Denmark amati Kvanefjeld. M'phirimo muli miyala ija ya rare earths, yopangira maginito a m'galimoto zoyendera magetsi ndi makina opukusa magetsi ndi mphepo, gulu lomwelo la miyala imene yapezeka kwathu kuno ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe ku Phalombe. Vuto la Kuannersuit n'lakuti miyalayo inasakanikirana ndi yureniyamu, mwala wotulutsa cheza choopsa ku thanzi. Anthu a ku Narsaq ankaopa fumbi la mgodi kugwera pa msipu wa nkhosa zawo, ndi zinyalala zake kulowa m'madzi amene amamwa ndi kuphamo nsomba.

Sanapambane tsiku limodzi ayi. Mu 2013 nyumba yawo ya malamulo inachotsa chiletso chokumba yureniyamu, mavoti 15 kwa 14. Voti imodzi yokha! Otsutsa mgodi anagonja tsiku limenelo koma sanamwazikane. Anali ndi gulu lawo lotchedwa Urani Naamik, kutanthauza kuti yureniyamu ayi. Ankafika pa misonkhano, ankawerenga malipoti a kampani, ankafunsa mafunso omwewo mpaka nkhani ya phiri limodzi inasanduka nkhani ya dziko lonse. Pa chisankho cha mu Epulo 2021 chipani cha Inuit Ataqatigiit, chimene chinalonjeza kuimitsa mgodiwo, chinapambana, ndipo mu Novembala chaka chomwecho anakhazikitsa lamulo loletsa kufufuza ndi kukumba yureniyamu.

Ndikuuzeninso mbali inayo, mayi, chifukwa kukubisirani kungakhale kukulakwirani. Ku Narsaq komweko analiko anthu amene ankaufuna mgodi, ndipo sanali opusa. Ana awo ankachoka kukasaka ntchito kwina, tauni ikunka nichepa. Kampani ya ku Australia imene inawononga ndalama zambiri pofufuza inakasuma kufuna chipukuta misozi. Komanso Greenland imalandira thandizo la ndalama kuchokera ku Denmark chaka ndi chaka, lokwana pafupifupi theka la bajeti ya boma, ndiye pokana anali ndi potsamira. Ife potsamira pathu m'pochepa. Walira mvula walira matope, ndipo matope alipo mbali zonse ziwiri, kwa wovomera ndi kwa wokana.

Ndiye munthu wosauka angakane? Maganizo anga ndi awa. Mphamvu ya anthu a ku Narsaq sinali ndalama. Chinali chakuti ankadziwa dzina la mwala umene uli m'phiri lawo, dzina la kampani, ndi tsiku la msonkhano. Inu lero zitatu zonsezo simukuzidziwa, ndipo poyambira m'pamenepo. Tenganani ndi amfumu ndi anzanu angapo, mupite kwa bwanamkubwa wa boma lanu. Mukafunse kuti anabowolawo ndi ndani, chilolezo chawo n'chofufuza kapena chokumba, chikuthera pati, ndipo akufuna mwala wanji. Ngati mbewu zanu zinaonongeka, mukanene. Lamulo lathu limati miyala ya pansi pa nthaka ndi ya dziko, inde, koma limafunanso kuti mgodi usanayambe pachitike kawuniwuni wa mmene udzakhudzire anthu ndi chilengedwe, ndipo eni dera afunsidwe. Mupeze mdzukulu wodziwa kulemba azisunga kabuku, tsiku limene anabwera, zimene ananena, amene analipo. Safunsa anadya phula, mayi anga. Mukabwerako mundilemberenso.

Ndipo inu akatswiri athu, achimwene ndi achemwali amene munaphunzira za miyala, ndikudziwa ena mukumva. Ntchito yanu ndimailemekeza, dziko losadziwa chuma chake limagulitsa ng'ombe pa mtengo wa nkhuku. Koma munaiwala kuodira? Ku Nunavut, kumpoto kwa Canada, wofufuza amayamba watenga chilolezo, ndipo amayembekezeka kukambirana ndi anthu a m'dera limene akukagwiramo ntchito. Eni dera kumeneko anatopa ndi alendo obwera pa ndege, kutenga miyala ndi magazi a nyama, n'kuzimiririka. Ndege ya Kauniuni ija, yofufuza miyala ya pansi pa nthaka, inauluka dziko lonse lino, zotsatira zake n'kutulutsidwa mu 2015, koma ndi midzi ingati imene inafotokozeredwa m'chinenero chawo zimene zili pansi pa minda yawo? Ola limodzi pansi pa mtengo wa mango silingachedwetse kafukufuku wanu.

Tipumeko pang'ono ndi kalata ya msodzi wa ku Kachulu, ku nyanja ya Chilwa. Akuti anakola kambalame kakang'ono kokhala ndi mphete yachitsulo kumwendo, yolembedwa manambala, ndipo akazi awo akuti aitaye chifukwa n'zamatsenga. Bambo, auzeni mayi a kunyumba agone mtima uli m'malo. Mpheteyo amaveka ndi ofufuza kuti adziwe kumene mbalame zimapita. Mbalame zina za m'matope zimene mumaziona nthawi ya dzinja zimaswana kumpoto kwa Siberia ndi Scandinavia, n'kuthawira kuno kukayamba kuzizira. Ina yotchedwa Arctic tern, imene imadutsa m'mphepete mwa nyanja za Africa, ofufuza ataimangirira tizipangizo ku Greenland anapeza kuti imauluka makilomita pafupifupi 70,000 pa chaka. Koperani zonse zolembedwa pa mpheteyo, tsiku ndi malo, mutitumizire, tikazipereka kwa osunga kaundula wa mbalame. Koma misamphayo muichepetseko bambo. Kanthu kolemera ngati bokosi la machesi kawoloka maiko onsewo, kakathere mu poto mmodzi wa ndiwo?

Tsopano pali makalata asanu ndi limodzi onena chinthu chimodzi, ndiwayankhe pamodzi. Onse akuti, bwanji mukutitayitsa nthawi ndi maiko a madzi oundana pamene feteleza wakwera mtengo? Abale anga, kudandaula kwanu ndikukumva, ndipo za feteleza tinakamba ndipo tidzakambanso. Koma chizolowezi chimenechi chonena kuti za kutali sizitikhudza chimandidetsa nkhawa. Kumpotoko kukutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse. Madzi oundana a ku Greenland atasungunuka onse, nyanja zikuluzikulu zingakwere mamita pafupifupi 7. Zimenezo si za mawa, koma kukwerako kunayamba kale, ndipo doko la Beira, kumene feteleza yemweyo ndi mafuta athu ambiri zimatsikira, lili pamalo otsika kwambiri. Amene akupikisana pa miyala ya ku Greenland ndi ku Kiruna ku Sweden ndi omwewo akuyang'ana mapiri athu. Ku Kiruna akusamutsa mbali ya tauni, tchalitchi chomwe anachisamutsa mu 2025, chifukwa mgodi wachitsulo ukung'amba nthaka, pamene a mtundu wa Sami, eni dera a kumeneko, akudandaula kuti njira za ziweto zawo zikutsekeka. Mwamva kalata ya mayi uja. Anapeza mawu ofunsira za munda wake atamva za phiri la ku Greenland. Mwana wanu akafunsa za dziko lakutali musamuuze kuti zilibe ntchito, mumuthandize kufufuza.

Mwachidule tsopano. Mtsikana wa ku Nkhotakota akufunsa chifukwa chake ofufuza amaveka malamba a m'khosi zimbalangondo zoyera zazikazi zokha. Mwanawe, zazimuna khosi lake n'lalikulu kuposa mutu, ndiye lambayo amangovuka. Kuli azibambo ena kuno amene tayi amawavuta chimodzimodzi.

Agogo a ku Mchinji akuti amva zoti ku Svalbard kuli nkhokwe ya mbewu, ndipo akufuna kutumizako chimanga chawo chamakolo. Nkhokweyo ilikodi agogo, inatsegulidwa mu 2008 m'kati mwa phiri, ndipo mbewu zimasungidwa pozizira madigiri 18 pansi pa ziro. Koma salandira kwa munthu payekha, zimadzera m'nkhokwe za mbewu za maiko ndi mabungwe, ndipo yathu ili ku Chitedze. Kambiranani ndi alangizi a zaulimi a kwanuko, ndipo china mupitirize kupachika pamwamba pa moto monga mwa kale.

Nthawi yatithera. Bambo a ku Kachulu, manambala a mphete aja tikuwadikira. Mayi anga a m'munsi mwa phiri, sabata yamawa ndidzayamba ndi kalata yanu ikakhala yafika. Tsalani bwino nonse.