Kadyedwe ka Tapas ku Pedregalejo: Uthenga kwa Alamu

Alamu, ndamva kuti ulendo wa ku Málaga watheka, ndiye ndati ndikuuziretuni za kadyedwe musanafike ku Pedregalejo, dera la mumzindawu, kumene malo odyera otchedwa chiringuito andandalika m'mphepete mwa nyanja. Anthu a ku Spain amadya nkhomaliro cha m'ma 2 koloko masana ndipo chamadzulo amachiyamba cha m'ma 9 koloko usiku, choncho mukapita 6 koloko mwina mukapeza ophika asanasonkhe moto.

Mukakhala pansi, musakaitanitse zonse nthawi imodzi. Tapa ndi kambale kongolawa, media ración ndi theka la mbale, pamene ración ndi mbale yodzaza. Popeza mukakhala anthu anayi, kayambeni ndi matheka awiri kapena atatu, muwaike pakati pa tebulo kuti aliyense azitapamo, ndipo muwonjezere zina pokhapokha zoyambazo zitatha, chifukwa nsomba yokazinga ikazizira imataya kukoma kwake.

Chimene simuyenera kuchiphonya ndi espeto. Izi ndi nsomba za sardine, zisanu kapena zisanu ndi imodzi, zotungidwa pa bango, zowazidwa mchere wamiyala, ndipo amaziwamba pambali pa moto wa nkhuni umene amausonkha m'bwato lodzaza mchenga. Foloko muisiye pomwepo. Gwirani nsombayo kumutu ndi kumchira, mudye mnofu wa mbali imodzi, mutembenuze, munga utsale wathunthu m'mbale. Eni dera amati nsombazi zimanona m'miyezi imene dzina lake m'Chisipanishi lilibe chilembo r, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo inu mwachita mwayi kuti mukupita mu Julayi.

Kalaweninso boquerones fritos, tinsomba tokhala ngati usipa tokazinga titapakidwa ufa, ndi gambas al pil pil, tinkhanu ta m'nyanja totchedwa ma prawn tomwe timabwera tikuwira m'mafuta a adyo ndi tsabola m'kambale kadothi. Mafutawo musakawasiye, mukasunsemo buledi, ngakhale buledi amene amangokuikirani patebulo nthawi zambiri amalowa pa mtengo. Achemwali anga muwakumbutse kuti jamón ndi chorizo ndi nyama ya nkhumba.

Phokoso limakhala lalikulu ndipo operekera zakudya amayenda chothamanga, choncho musakachite manyazi kukweza dzanja ndi kunena kuti "perdone". Sakubweretserani bilu mpaka mutaipempha nokha, ndipo mawu ake ndi akuti "la cuenta, por favor".