Kukonza Masharubu Kunyumba: Osapendekera, Osatuluka Ziphuphu

[Pa kanema: nkhope ya bambo pafupi, masharubu atatsika mpaka kuphimba mlomo]

Takulandirani, abambo ndi anyamata nonse. Lero tili pa masharubu: kuwadula, kuwalembera malire, ndi kumeta khungu lowazungulira muli kwanu. Ntchito yake siidutsa mphindi 15, koma malo ake ndi ochepa kwambiri moti kupitirira ndi milimita imodzi kumaonekera patali. Ndevu za kuchibwano zimabisa zolakwika. Masharubu sabisa kanthu, chifukwa ali pakati penipeni pa nkhope, pamene munthu amene mukulankhula naye amayang'ana. Choncho zonse zimene tikuonetseni zatsamira pa mfundo imodzi: chotsani pang'ono, imani, onani, ndiye muchotsenso.

Ngati mukungoyamba kumene kusunga masharubu, musawagwire ndi sizasi kwa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Tsitsi la kumaso limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo silimerera limodzi. Lina limatsogola, lina limachedwa, makamaka pa kampata ka pakati pa mphuno ndi mlomo. Mukafulumira kulemba malire m'sabata yachiwiri, mudula tsitsi limene likanadzaphimba mipata. Ndipo achinyamata, musamete tsiku ndi tsiku poganiza kuti masharubu achuluka. Lezala silifika pa muzu wa tsitsi. Limangodula nsonga, ndipo chitsa chotsalacho chimamveka chokhakhala ndi kuoneka chakuda, basi. Kuchuluka kwa ndevu kumachokera ku mtundu wanu ndi msinkhu wanu.

[Pa kanema: zipangizo zitayalidwa pa kathaulo koyera]

Zofunika ndi izi: chipeso chaching'ono cha mano oyandikana, sizasi yaing'ono yakuthwa, makina ometera ngati muli nawo, lezala latsopano, sopo wofewa kapena kirimu wometera, madzi ofunda, kathaulo koyera ndi galasi. Sizasi ikhale ya ntchito imeneyi yokha. Ija yodulira mapepala kapena nsalu imapinda tsitsi m'malo molidula, ndipo nsonga zimang'ambika.

Kuwala kukhale kutsogolo kwanu. Mukaima pamene zenera lili kumbali, theka la nkhope limakhala mumthunzi, mbali imeneyo imaoneka yodzaza kuposa inzake, ndiye mumaidula mopitirira. Pakhonde masana, mutayang'ana kumene kuwala kukuchokera, ndi pabwino kuposa m'bafa la babu limodzi lakudenga. Ngati makina anu ndi otchaja, yambani atadzaza. Batire likafooka, mano ake amayenda pang'onopang'ono n'kumazula tsitsi, ndipo magetsi akazima muli pakati, mutsala ndi mbali imodzi yokonzedwa.

Sambani kumaso kaye ndi sopo kuti mafuta, thukuta ndi zotsalira za chakudya zichoke. Kenako pukutani, mudikire masharubu aume. Apa ambiri amalakwitsa. Tsitsi lonyowa limawongoka n'kutalika, makamaka lathu lopotanali. Mukalidula lili lonyowa pa mzere wa mlomo, likauma limabwerera m'mwamba n'kufupika kuposa mmene mumafunira. Kudula ndi sizasi kapena makina kumafuna tsitsi louma. Kumeta ndi lezala ndiko kumafuna lonyowa, ndipo tifikako.

[Pa kanema: chipeso chikutsitsa masharubu kulowera kumlomo]

Pesani tsitsi lonse molunjika pansi, kulowera kumlomo. Tsekani pakamwa mwachizolowezi. Musamwetulire, musakoke mlomo wam'mwamba kuti uphimbe mano. Mukatero khungu limatambasuka, mzere umaoneka wowongoka, koma mukamasula nkhope umakhota. Anthu adzakuonani nkhope itamasuka, choncho dulani ilinso yomasuka.

Tiyamba ndi mzere wa pansi, pamene masharubu akumana ndi mlomo. Gonekani sizasi motsata m'mphepete mwa mlomo wam'mwamba. Yambirani pakati kupita kumanja, kenako bwererani pakati mupite kumanzere. Dulani ndi nsonga ya sizasi, tsitsi lochepa nthawi imodzi, ndipo chala chaching'ono cha dzanja logwira sizasi chitsamire pachibwano kuti dzanja lisanjenjemere. Cholinga n'chakuti mzere wa mlomo uoneke wonse, koma pakati pa mlomo ndi tsitsi pasatsale khungu lopanda kanthu. Masharubu otsika kupitirira apa amalowa mu thobwa ndi mu tiyi, therere limakakamiramo, ndipo mudzayamba kuwatafuna osadziwa.

Mukatha, pesaninso. Mupeza titsitsi tina tatuluka timene tinabisala pansi pa tinzake. Dulani timeneto tokha.

Tsopano kuchepetsa kuchindikala. Ngati muli ndi makina, ikani chipeso chake chachikulu poyamba. Pa makina ambiri nambala 1 imasiya mamilimita atatu, nambala 2 mamilimita asanu ndi limodzi, nambala 3 pafupifupi 10, nambala 4 pafupifupi 13. Yambani ndi 3 kapena 4 ngakhale mukuganiza kuti mukufuna 2. Yendetsani makina kuchokera pamphuno kutsikira kumlomo, kumene tsitsi lagonera. Mukawakweza kuchokera pansi, nambala yomweyo imadula kwambiri, chifukwa imadzutsa tsitsi isanalidule. Onaninso kuti chipeso cha makinacho chakola bwino. Chikaguluka makina ali pankhope, pamatsala chigamba chimene chimatenga masabata awiri kapena atatu kuti chitsekeke.

Opanda makina, lowetsani chipeso m'masharubu kuchokera pansi, chikwezeni pang'ono, n'kudula tsitsi lokhalo limene latulukira kunja kwa mano ake. Zimachedwa, koma ife timaikonda njira imeneyi kuposa makina, chifukwa simungalakwitse kwambiri ndi kudula kumodzi.

[Pa kanema: nkhope yonse pagalasi, zala ziwiri zikuloza m'mphepete mwa kamwa]

Apa ndi pamene masharubu ambiri amathera: pofananitsa mbali ziwiri. Munthu amaona kuti kumanja kwatalika, adulako. Kenako kumanzere ndiko kwatalika, adulakonso. Akamadzazindikira, patsala kamzere kopyapyala pansi pa mphuno. Dziwani kuti palibe nkhope imene mbali zake ziwiri n'zofanana ndendende. Mlomo umakwera pang'ono mbali imodzi, tsitsi limachuluka mbali ina. Musanadule, sankhani pamene masharubu athere, ndipo poyezera pakhale pokhazikika. Kwa ambiri, pamene milomo iwiri yakumana m'mphepete mwa kamwa ndi poyezera pabwino: masharubu athere pomwepo, kapena atsike mamilimita awiri kapena atatu, mbali zonse mofanana. Ena amalembapo kadontho ndi pensulo ya nsidze. Mukadula kawiri kapena katatu, bwererani m'mbuyo sitepe imodzi, muwongole mutu, muone nkhope yonse. Kusiyana kumene sikukuoneka mutaima kutali ndi galasi ngati kutalika kwa mkono, kusiyeni. Palibe amene adzakuone.

Mzere wa pamwamba, pansi pa mphuno, musautsitse kwambiri. Chotsani titsitsi tongosochera kulowera kumasaya ndi timene takwera kulowa m'mphuno. Tsitsi la m'mphuno dulani longotulukira kunja, musalizule. Kuzula kumasiya kabala m'malo mmene mumakhala tizilombo, ndipo chithupsa cha m'mphuno chimapweteka koopsa.

Tifike pa lezala, pometa masaya, chibwano ndi khosi kuti masharubu aonekere. Gawo ili tichedwapo, chifukwa ndi limene limavutitsa abambo ambiri a tsitsi lopotana.

[Pa kanema: chojambula cha tsitsi lopotana likulowa m'khungu]

Ziphuphu zobwera mutameta sizichokera ku uve ayi. Lezala limadula tsitsi mopendekeka, nsonga yake imatsala yakuthwa ngati chitsa cha bango chodulidwa ndi chikwanje. Tsitsi lopotana likamakula limapinda n'kubaya khungu, kapena ngati linadulidwa pansi kwambiri, limaboola m'mbali lisanatuluke n'komwe. Thupi limaliona ngati chinthu chachilendo, pamatupa, pamayabwa, nthawi zina pamachita mafinya, ndipo pakapola pamatsala madontho akuda. Mukamvetsa zimenezi, muona kuti chimene chimaputa ziphuphu ndi kufuna kumeta mpaka khungu litaterera.

Nyikani kathaulo m'madzi ofunda, osati otentha, n'kukagwirizira pankhope mphindi ziwiri kapena zitatu. Tsitsi lomwa madzi limafewa ndipo lezala silivutika kulidula. Pakani thovu la sopo kapena kirimu, kenako ndi chala pukutani thovu lomwe lili pamalire a masharubu kuti muziona pamene lezala liyime.

Musanamete, dziwani kumene tsitsi lanu lagonera. Sisitani ndi chala ndevu za masiku awiri: kumene chala chikuyenda mosalala ndiko lagonera, kumene chikukodwa ndiko kutsutsana nalo. Pamasaya kawirikawiri limatsika, koma pakhosi limatha kugonera cham'mbali kapena kukwera, ndipo munthu aliyense ali ndi kagonedwe kake. Lezala liziyenda kumene tsitsi lagonera, mokoka pang'ono pang'ono, sentimita imodzi kapena ziwiri, osakanikiza. Tsukani lezala mukakoka kawiri kapena katatu. Musakoke khungu ndi dzanja linalo kuti liwongoke, chifukwa mukalisiya, tsitsi lodulidwalo limabwerera pansi pa khungu. Musadutse malo amodzi mobwerezabwereza. Kwa amene ziphuphu sizimusowa, lezala la mpeni umodzi ndi labwino kuposa la mipeni itatu kapena isanu, popeza mpeni woyamba umakoka tsitsi, wotsatira n'kulidula pansi kwambiri.

Pamalire a masharubu, lezala liyambire pa mzere n'kuchoka kupita kunja. Lisabwere kuchokera kutsaya kulowera m'masharubu, chifukwa dzanja likangoterereka, mbali yatha. Ndipo lija lezala la mbali ziwiri logwira ndi zala, limene ometa aluso amalembera mizere, musaliyesere pagalasi nokha pafupi ndi mlomo. Liikeni m'chogwirira chake. Mlomo uli ndi timitsempha tambiri ta magazi, ukatemeka magazi amachedwa kusiya. Zikachitika, kanikizani ndi kansalu koyera mphindi zingapo osasuzumira.

Lezala likayamba kukoka kapena mukaona dzimbiri, tayani. Malezala ambiri amakhala atabuntha mukameta kasanu kapena kasanu ndi kawiri, ndipo pa ndevu zolimba amabuntha msanga kuposa apo.

Ngati ziphuphu zilipo kale, siyani lezala kwa masabata atatu kapena anayi kuti tsitsi lokodwa lituluke lokha. Pa nthawi imeneyi gwiritsani ntchito makina okha, osiya pafupifupi milimita imodzi. Ambiri amene ntchito yawo imafuna nkhope yaukhondo amapeza mtendere ndi makina mpaka kalekale, chifukwa tsitsi lotsala pamwamba pa khungu silibaya. Musafinye ziphuphu, musakumbe ndi singano, musazule tsitsi. Mukaona tsitsi lapinda ndipo nsonga yalowa m'khungu, pukutani pamenepo mozunguliza ndi kathaulo kofunda, limamasuka lokha.

Mukatha kumeta, tsukani ndi madzi ozizira, pukutani mosisita pang'ono osati mokhula, n'kupaka mafuta opepuka opanda fungo lamphamvu. Sipiliti imene ometa amathira pa makina ndi ya makina. Pankhope imaumitsa khungu n'kuliwotcha, ndipo kuwawa kwake sikutanthauza kuti ikuchiritsa. Pamasharubu penipeni madontho awiri a mafuta akwana: pakani m'zala, lowetsani mpaka pakhungu, pesani kuchokera pakati kupita kumbali. Vaseline wochuluka amagwira fumbi. Mukaona mfundu pansi pa masharubu, nthawi zina ndi sopo amene sanatsukidwe bwino kapena khungu louma.

[Pa kanema: kutsuka mano a makina ndi kabulashi]

Lezala ndi la munthu mmodzi. Musabwerekane ndi mchimwene wanu, mwana wanu kapena mnzanu wogona naye chipinda chimodzi. Kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma pa lezala kwa sabata yathunthu, ndipo magaziwo sachita kuoneka ndi maso. Chipere nachonso chimayenda pa zipeso, makina ndi mathaulo. Makina mukatha nawo, chotsani tsitsi ndi kabulashi, pukutani mano ndi sipiliti, aume, kenako donthezanipo madontho awiri kapena atatu a mafuta a makina n'kuwaliza masekondi angapo. Mafuta ophikira ayi, amauma n'kumata mano. Lezala logwiritsa ntchito kale musalisiye pamene ana angafikire. Liponyeni m'kachitini kotseka.

Abambo amene imvi zayamba ndipo mukufuna kudetsa masharubu, yesani mankhwalawo kaye. Pakani pang'ono kuseri kwa khutu kapena mkati mwa chigongono, mudikire maola 48. Mankhwala ambiri akuda ali ndi chinthu chotchedwa PPD, chimene kwa anthu ena chimatupitsa milomo ndi nkhope yonse. Musapake tsiku limene mwameta ndi lezala, khungu likadali ndi timabala. Ufa ndi makirimu osungunula ndevu nawonso asayandikire mlomo, amawotcha khungu lofewa la pamenepo.

Mzere wa mlomo muziukonza kamodzi pa sabata, kuchindikala kamodzi pa masabata awiri. Lezala, ngati khungu lanu limalilola, lizidutsa pakapita masiku awiri kapena atatu, tsitsi lisanatalike kufika popinda. Koma ziphuphu zikachita mafinya ochuluka, zikayamba kusiya zipsera zotupa ndi zolimba, kapena mukaona chigamba chozungulira choyabwa pamene tsitsi likuthothoka, ikani lezala pansi mupite kuchipatala. Zimenezo zimafuna mankhwala olembedwa ndi adokotala, ndipo mafuta oyeretsa khungu ogula pamsika amazikulitsa.