Makalata a Omvera: Mipando Yopanda Anthu ku Ellis Park

Takulandirani nonse a kuno ku Joni ndi madera ozungulira, amene mwangoweruka kumene ndi inu amene mukuyamba ntchito ya usiku wayilesi ili m'thumba. Sabata ino makalata ambiri akukamba zamasewera, ndipo chandidabwitsa n'chakuti awiri mwa atatu amene ndasankha akufunsa za rugby, masewera amene kumudzi ambirife tinkangowaonera pa kanema.

Yoyamba yachokera ku Bertrams. Alemba ndi bambo ena a ku Mangochi amene amagwira ntchito ya ulonda. Akuti:

"Achimwene, ine ndimakhala pafupi ndi bwalo la Ellis Park, phokoso lake ndimalimva ndili m'nyumba. Tsiku limene Springboks, timu ya rugby ya dziko la South Africa, inasewera ndi New Zealand mu 2024, misewu inatsekedwa, anthu ovala zobiriwira anali balalabalala, azimayi ootcha nyama anagulitsa zonse. Koma ikamasewera timu ya Lions, mwini bwalo, kumakhala zii. Nthawi zina ndimadziwa kuti kunali mpira nditaona magetsi a bwalo akuyaka. Kodi masewerawa akutha? Nanga dziko lotenga zikho chonchi anthu ake akulekeranji kukaonera?"

Zikomo bambo, ndipo maso anu sanakunamizeni. Bwalo limenelo limalowa anthu pafupifupi 62,000, choncho ngakhale patabwera gulu loti kwina likanaoneka lalikulu, pamenepo limangomira m'mipando yofiira ija. Koma kutha ayi, masewerawa sakutha. Tsiku mukunenalo, pa 31 August 2024, South Africa inapambana 31 kwa 27 bwalo litadzaza. Ndi dziko lokhalo lomwe latenga chikho cha dziko lonse kanayi: 1995, 2007, 2019 ndi 2023. Choyambacho chinatengedwera pakhomo panu pomwepo, tsiku limene Nelson Mandela anavala jezi ya nambala 6 popereka chikho kwa Francois Pienaar.

Funso lenileni ndi lakuti, anthu omwewo amapita kuti Loweruka limene kulibe Springboks?

Ine ndimaona kuti nkhani yayikulu ndi adani amene Lions ikusewera nawo masiku ano. Kale matimu a kuno ankapikisana ndi a ku New Zealand ndi Australia mu Super Rugby. Lions inafika mu fainolo zaka zitatu zotsatizana, 2016, 2017 ndi 2018, ndipo ya 2017 inachitikira pa Ellis Park pomwepo, Crusaders ya ku New Zealand n'kupambana 25 kwa 17, malo okhala atatheratu. Kuyambira 2021, Lions, Bulls, Sharks ndi Stormers zinalowa mu United Rugby Championship, momwe muli matimu a ku Ireland, Wales, Scotland ndi Italy. Ena mwa matimuwa ndi amphamvu kwambiri, monga Leinster, koma sapota wa kuno alibe nawo mangawa akale. Taganizani kumudzi: Bullets ikamakumana ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium anthu amayamba kunyozana Lolemba, chifukwa mkanganowo anawasiyira ndi makolo awo. Bweretsani timu yabwino yochokera kutali imene dzina lake munthu akulephera kulitchula, muone ngati minibasi za ku Ndirande zidzaze chimodzimodzi.

Ndiye pali nyengo. Mpikisano watsopanowu umatsata kalendala ya ku Ulaya, ndiye kuti masewera ambiri amagwa m'chilimwe cha kuno, dzuwa likuswa mtengo kapena mabingu a madzulo akuopseza, ena mu December pomwe theka la Joni lapita kumudzi. Rugby kuno inali ya nyengo yozizira, anthu anazolowera choncho. Komanso osewera ambiri otchuka a Springboks amalipidwa ndi makalabu a ku Japan, France ndi England, choncho mwana amene akufuna kuona nkhope yomwe amaiona pa kanema sangaipeze Loweruka wamba.

Chomaliza mukuchidziwa kuposa ine, popeza ndinu a m'deralo. Masapota ambiri a Lions amakhala kutali ndi Doornfontein, dera limene kuli bwaloli, ndipo amaopa kulowa m'tauni madzulo, kusiya galimoto pamsewu, kuyenda pansi mdima utagwa. Ikakhala Springboks apolisi amachuluka ndipo munthu amalimba mtima chifukwa ali m'chigulu. Ikakhala gemu wamba amawerengera mafuta, tikiti ndi chakudya cha ana, n'kuona kuti bola SuperSport pakhomo nyama ili pamoto. Zimandipweteka ine zimenezi, chifukwa anthu amene akuopedwa m'deralo ambiri ndi ngati inuyo bambo, ogwira ntchito zawo mwaulemu, ndipo bwalo likakhala lopanda anthu amene amagona ndi njala ndi mayi wootcha nyama uja. Akuluakulu a masewerawa akanayamba kuitana anthu a ku Bertrams, Yeoville, Troyeville ndi Hillbrow, oti angathe kubwera wapansi, mipando ina ikanapeza eni ake.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi a ku Rosettenville, kwawo ku Ntcheu:

"Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 13 ndipo asankhidwa m'timu ya rugby kusukulu. Ine mtima uli m'mwamba, ndimaona ngati ndi ndewu chabe. Bambo ake akuti ndi masewera a azungu, mwana wa mlendo sangapite nawo patali. Wakhala akundipempha kuti tikaonere Lions. Kodi munthu ngati ine angakalowe kumeneko osayang'anidwa?"

Mayi, pitani naye. Ndipo tsiku labwino loyambira ndi lomweli tikudandaula kuti kulibe anthu, chifukwa simudzapanikizana pageti, ndipo mwana adzakhala pafupi n'kumva mmene osewera akuitanirana. Basi ya Rea Vaya imadutsa pafupi ndi bwalolo. Sankhani gemu ya masana kuti mubwerere kukuwala.

Bambo akunyumba muwauze za Tendai Mtawarira. Anabadwira ku Harare, anabwera kuno ngati mlendo, ndipo anasewerera Springboks magemu 117. Akagwira mpira bwalo lonse linkabangula dzina lake lakuti Beast. Muwauzenso za Siya Kolisi, wokulira m'umphawi ku Zwide, amene ananyamula chikho cha dziko lonse kawiri ali kaputeni. Zoti masewerawa anali m'manja mwa azungu nthawi ya tsankho n'zoona, ndipo zipsera zake zilipobe, koma amene anagunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani mu fainolo ya 2019 pogonjetsa England 32 kwa 12 anali Makazole Mapimpi ndi Cheslin Kolbe.

Kuti musakasochere: mbali iliyonse kuli anthu 15, amasewera mphindi 80. Mpira saponyera kutsogolo ndi manja, amapatsirana chakumbuyo, koma kuumenya ndi phazi kutsogolo n'kololedwa. Kuugunditsa pansi kuseri kwa mzere wa adani ndi mapointi 5, kuumenya pakati pa mitengo pambuyo pake ndi 2, penate ndi 3. Mantha anu sindikuwapeputsa, kugundana kulipo ndithu. Mugulireni choteteza mano, ndipo akagunda mutu n'kumamva chizungulire, kusanza kapena kuiwala zinthu, asabwerere m'bwalo mpaka dokotala amuone, ngakhale iye alire chotani. Pamenepo musanyengerere munthu, kaya ndi kochi.

Yotsiriza ndi ya mnyamata wa ku Diepsloot, yayifupi ndi yaukali:

"Malume, za rugby zatikwana. Chiefs ndi Pirates zimadzaza FNB Stadium, umenewo ndiye mpira. Kambani zimenezo."

Mphwanga, ndakumva. FNB imalowa anthu oposa 90,000 ndipo ikakhala Soweto Derby matikiti amatha masiku asanafike. Mu 2025 Chiefs inagonjetsa Pirates 2 kwa 1 mu fainolo ya Nedbank Cup ku Durban, n'kuthetsa chilala cha zaka khumi, ndipo a zachikasu sanagone usiku umenewo. Ife a Malawi Pirates tinaikondera Gabadinho Mhango, uja anathira chigoli cha kutali pokumana ndi Morocco mu 2022. Koma tayatsa kanema Lachitatu madzulo matimu ang'onoang'ono a ligi yomweyo akusewera, uwerenge anthu. Matenda ake ndi amodzi ndi a rugby: anthu akusungira ndalama zawo tsiku limodzi lalikulu.

Ndipo popeza watchula Chiefs ndi Pirates tikukamba za Ellis Park, pali tsiku limene sindingalidumphe. Pa 11 April 2001 matimu awiriwa anakumana pabwalo lomweli, anthu anachuluka kuposa malo, ndipo 43 anafa popanikizana. Ukamapita ku derby ikubwerayi gula tikiti pamalo ovomerezeka, osati kwa anyamata a pamsewu, fika nthawi ikadalipo, ndipo ukaona geti yathinana, bwerera m'mbuyo udikire.

Mayi a ku Rosettenville, mukapita ndi mwanayo mudzatilembere zimene mwaona, tidzawerenga pano.